Kapitawo wa M'foni ndi Moyo wa Achinyamata Athu

Mawu amene mneneri wa khonsolo adayankhula pa msonkhano wa makomiti a chitukuko a m'mawodi



Tikakumana chonchi tidazolowera kukamba za milatho, mijigo, misika ndi zipinda zophunziriramo. Lero ndapempha kuti tikambe za ganyu, koma ganyu wamtundu watsopano, amene munthu amamupeza pa foni ndipo amalamulidwa ndi foni yomweyo. Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa m'mawodi mwathu muli makomo amene ndalama ya feteleza, ya fizi ndi ya malata imachokera kwa mwana amene ali ku Joni. Ena mwa ana amenewa amayendetsa njinga zamoto, bokosi kumbuyo, kukatula chakudya ndi katundu m'makomo a anthu ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban. Ena amayendetsa galimoto zonyamula anthu kudzera ku makampani monga Uber ndi Bolt. Mukawafunsa za bwana wawo, ambiri amayankha kuti alibe bwana, amadzigwirira okha. Mfundo yanga lero ndi yakuti bwanayo alipo, ali m'foni, ndipo umoyo wa mwana wathu ukudalira ngati kuseri kwa foniyo kuli munthu amene angamve dandaulo lake.

Ganyu ife timamudziwa. Munthu amapita kwa mwini munda, amaona ndime, amanenerera mtengo, akamaliza amalandira ndalama kapena ufa. Agogo athu amene adagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, m'maesiteti a fodya, kapena m'migodi kudzera ku Wenela, adamudziwa kapitawo. Iyeyu ankagawa ntchito, ankalemba tikiti, ankaona amene wachedwa, ndipo mawu ake ankatha kuchotsetsa munthu ntchito. Akapitawo ena adali ankhanza, sitikukana. Komabe kapitawo adali ndi nkhope ndi dzina. Ankatha kuuzidwa kuti kumudzi kwagwa zovuta kapena kuti mwana wagonekedwa m'chipatala, ndipo akakana kumva, anthu ankadziwa woti amudandaule.

Pa ganyu wa pa foni ntchito zonse za kapitawo imagwira ndi pulogalamu ya kompyuta. Kasitomala akaitanitsa chakudya kapena galimoto, pulogalamuyo ndi imene imasankha woti apite, poona amene ali pafupi ndi mbiri ya kagwiridwe kake ka ntchito. Ndiyo imaika mtengo wa ulendo, ndipo mtengowo umakwera kapena kutsika malinga ndi kuchuluka kwa makasitomala ndi oyendetsa pa nthawiyo. Imatsata pamene munthu ali kudzera pa GPS, imawerenga mphindi zimene watenga, imasunga chiwerengero cha maulendo amene wavomera ndi amene wakana. Ulendo ukatha, kasitomala amapereka nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu. Nyenyezizo zikatsika kwambiri, kapena pulogalamu ikamuganizira munthu zachinyengo, akaunti yake ikhoza kutsekedwa. Ndondomeko ya masamu imene imapanga ziganizo zonsezi imatchedwa algorithm. Ofufuza a pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America adalemba za kayendetsedwe ka antchito kotere mu 2015, ataphunzira za madalaivala a Uber ndi Lyft.

Ntchito zamtunduwu zakula mofulumira. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO lidanena mu lipoti lake la 2021 kuti makampani otere adachoka pa 142 mu 2010 kufika poposa 777 mu 2020. Uber idayamba ku San Francisco mu 2009 ndipo idafika ku Johannesburg mu 2013. Bolt, imene kale inkatchedwa Taxify, idachokera ku Estonia. Kwa anansi athu, Yango ili m'misewu ya Lusaka ndipo inDrive ili ku Harare. Choncho tisaganize kuti izi ndi za kutali. Pamene pali foni, netiweki ndi achinyamata ofuna ntchito, kapitawo ameneyu amafika.

Tiyambe ndi zabwino zake, chifukwa zilipo. Mnyamata amene alibe satifiketi ya Fomu 4 kapena m'bale wa udindo woti amulowetse ntchito amatha kuyamba kupeza ndalama. Safunika kuima pa geti la fakitale m'mawa uliwonse kudikira kuti aitanidwe. Amasankha yekha nthawi yoyatsa ndi kuzimitsa pulogalamu. Ulendo uliwonse umalembedwa, ndipo malipiro amabwera pa nthawi yodziwika. Kwa munthu amene adagwirapo ganyu n'kuuzidwa kuti abwere mawa, mawa lake osafika, zimenezi si zazing'ono.

Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2019 ofufuza a pa yunivesite ya Oxford adasindikiza zimene adapeza kwa anthu a kuno ku Africa ndi kumwera chakum'mawa kwa Asia amene amagwira maganyu a pa intaneti. Adapeza kuti kulamulidwa ndi pulogalamu kumapatsa munthu ufulu wosankha nthawi ndi ntchito, komanso kuti njira yomweyo imabweretsa malipiro ochepa, kusungulumwa, kugwira ntchito usiku ndi nthawi zosakhazikika, kusowa tulo ndi kutopa kopitirira. Ufulu ndi goli zidapezeka m'chinthu chimodzi. Tiyeni tione momwe zimenezi zimachitikira kwa mwana wathu wa pa njinga yamoto.

Choyamba ndi nthawi yosalipidwa. Amene amatula chakudya amalipidwa pa ulendo umene wayenda. Maola amene wakhala panja pa lesitilanti, pamphepo kapena pamvula, kudikira kuti foni ilire, salipidwa. Makampani amapindula oyendetsa akachuluka chifukwa kasitomala sadikira, koma oyendetsawo akachuluka maulendo a munthu mmodzi amachepa. Mafuta, bandulo, matayala ndi kukonzetsa njinga zonse zimachokera m'thumba mwake, ndipo amene wabwereka njinga amalipira mwini wake sabata iliyonse, kaya ntchito yayenda kaya ayi. Munthu wotere sadziwa Lolemba kuti Loweruka adzakhala ndi zingati. Nkhawa imeneyi imamuchititsa kuwonjezera maola, ndipo thupi lotopa pa msewu wa galimoto zambiri ndi ngozi.

Chachiwiri ndi liwiro. Ku China, mu September 2020, magazini ya Renwu idalemba nkhani imene idagwedeza dziko lonselo yokhudza otula chakudya a makampani a Meituan ndi Ele.me. Nkhaniyo idaonetsa kuti mapulogalamu ankafupikitsa pang'onopang'ono nthawi yoti chakudya chifike kwa kasitomala, ndipo wochedwa ankadulidwa ndalama. Pofuna kukwanitsa nthawiyo, oyendetsa ankadutsa maloboti ofiira ndi kuyenda mbali yolakwika ya msewu, ena n'kuvulala, ena n'kutaya moyo. Choopsa n'chakuti munthu akathamanga n'kufika msanga, pulogalamu imaphunzira kuti ulendowo ndi wotheka m'mphindi zochepa, kenaka imayembekezera zomwezo kwa aliyense. Mu July 2021 boma la China lidatulutsa malangizo oletsa makampani kuyeza antchitowa ndi muyeso wokhwimitsitsa wa pulogalamu.

Chachitatu ndi chakuti pulogalamu sidziwa chifukwa. Imaona kuti munthu sadabwere, koma siona malungo kapena maliro. Ku Italy, khoti la mumzinda wa Bologna lidagamula mu December 2020 kuti njira imene kampani ya Deliveroo inkagwiritsa ntchito poika otula chakudya pa mndandanda idali yatsankho. Amene walephera kubwera pa nthawi imene adalembetsa ankatsitsidwa, posayang'ana kuti wadwala kapena ali pa sitiraka yololedwa ndi malamulo, ndipo wotsitsidwayo ankatsalira posankha nthawi zabwino za ntchito. Kampaniyo idati njirayo idali itasiyidwa kale, koma khoti lidailamula kulipira mayuro 50,000. Makampani amanena kuti makina sakondera. Oweruza a ku Bologna adaonetsa kuti kuchitira wodwala ndi waulesi mofanana ndi kukondera komweko.

Chachinayi ndi mantha a kutsekeredwa akaunti. Kasitomala akhoza kupereka nyenyezi imodzi chifukwa chakudya chazizira ku khitchini, kapena chifukwa sadakonde kayankhulidwe ka mlendo. Woyendetsa amameza mawu achipongwe akumwetulira, poopa kuti nyenyezi zingatsike. Makampani ena amafunanso kuti munthu azidzijambula nkhope nthawi ndi nthawi kuti pulogalamu itsimikize kuti ndi yemweyo. Ku Britain, munthu wina wachikuda wotula chakudya ku Uber Eats adakasuma kuti njira yozindikira nkhopeyi inkalephera kumuzindikira mpaka akaunti yake idatsekedwa mu 2021. Bungwe loona za ufulu ndi kusasankhana m'dzikomo lidamuthandiza, ndipo nkhaniyo idatha mu 2024 kampani itamulipira. Iyeyu adapeza omuthandiza, komabe zidatenga zaka. Taganizirani mwana wathu amene ali m'dziko la eni, akaunti yatsekedwa usiku, lendi ikudikira, ndipo akalemba dandaulo amalandira yankho lolembedwa kale ndi makina.

Tsopano ndikambe za kudzipereka pa ntchito, chifukwa apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Makampani amaona maola ambiri amene anthu akugwira n'kunena kuti anthuwo akuikonda ntchito. Mu 2017 nyuzipepala ya New York Times idafotokoza njira zimene Uber inkagwiritsa ntchito kuti madalaivala asaweruke msanga. Dalaivala akafuna kuzimitsa pulogalamu, pankabwera uthenga womuuza kuti watsala pang'ono kufika pa ndalama yakutiyakuti. Ulendo wina unkatumizidwa woyambawo usadathe, kotero kuti mpata woganiza zopuma sunkapezeka. Padalinso timabaji ta pa foni toyamikira amene wachita bwino, tofanana ndi ta m'masewero a pa kompyuta. Makampani ambiri amaperekanso bonasi kwa amene wakwanitsa chiwerengero cha maulendo pa masiku oikika, ndipo munthu amene watsala ndi maulendo atatu sagona ngakhale maso akulemera.

Khama lotere ndi la munthu amene akuthamangitsidwa. Umboni wake ndi wakuti oyendetsa ambiri amayatsa mapulogalamu awiri kapena atatu nthawi imodzi, n'kupita kumene kwalira poyamba, ndipo akapeza ntchito ina yodalirika amachoka osatsazika. Munthu amaikapo mtima pa ntchito akadziwa momwe malipiro ake amawerengedwera, akatha kukana ntchito yoopsa popanda chilango, ndiponso akadziwa kuti pa tsiku la mlandu adzamvedwa. Izi tidaziona ngakhale m'ntchito zathu zachitukuko. Anthu amene afotokozeredwa bwino za malipiro ndi ndime, ndipo ali ndi komiti yolandira madandaulo, amagwira ntchito ndi mtima wonse kusiyana ndi amene angouzidwa kuti kumbani.

Maiko ena ayamba kuyankha. Pa 19 February 2021 khoti lalikulu kwambiri ku Britain lidagamula kuti madalaivala a Uber amene adasuma ndi antchito oyenera malipiro osachepera mlingo wa boma komanso tchuthi cholipidwa. Oweruza adaona kuti kampani ndi imene imaika mtengo, imalemba mgwirizano yokha, imalanga wokana maulendo, imayang'anira kudzera mu nyenyezi ndipo imachepetsa kulumikizana kwa dalaivala ndi kasitomala. Munthu wolamulidwa chonchi, iwo adatero, sangatchedwe wodzigwirira bizinesi yake. Ku South Africa, bungwe loyanjanitsa antchito ndi mabwana la CCMA lidagamula mu 2017 kuti madalaivala ena amene akaunti zawo zidatsekedwa adali olembedwa ntchito, koma mu 2018 khoti la zantchito lidathetsa chigamulocho ponena kuti mgwirizano wawo udali ndi kampani ya Uber ya ku Netherlands, pamene iwo adasumira ya ku South Africa. Phunziro lake ndi lakuti mwana wathu akhoza kugwira ntchito zaka asakudziwa dzina lenileni la amene adapangana naye.

Ku Kenya, malamulo a 2022 adaika malire akuti kampani isatenge komishoni yoposa mashilingi 18 pa 100 aliwonse a mtengo wa ulendo. Maiko a mu European Union adakhazikitsa lamulo mu October 2024 lonena kuti chiganizo chotseka kapena kuimitsa akaunti ya munthu chipangidwe ndi munthu, kuti wokhudzidwayo apatsidwe zifukwa ndi mwayi wopempha kuti nkhani yake ionedwenso, ndiponso kuti makampani asamasonkhanitse zokhudza momwe wantchito akumvera mumtima kapena zimene amakambirana ndi anzake mwamseri. Maikowo adapatsidwa mpaka 2 December 2026 kuti aike zimenezi m'malamulo awo. Mu June 2025 msonkhano waukulu wa ILO ku Geneva udagwirizana kuti pakonzedwe pangano la maiko onse pa ntchito zamtunduwu. Mukaziona bwino zigamulo ndi malamulo amenewa, palibe amene akuti makina achotsedwe. Akufuna kuti kuseri kwa makina kukhale munthu woyankha mlandu.

Kwathu kuno tili ndi Employment Act ya 2000, Workers' Compensation Act ya 2000 ndi Labour Relations Act ya 1996, komanso khoti loona nkhani zantchito. Malamulo amenewa amateteza kwambiri munthu amene walembedwa ntchito. Makampani a pa foni amatchula oyendetsa kuti ndi anzawo pa bizinesi, ndipo dzina limenelo likavomerezedwa, nkhani ya tchuthi, chipukuta misozi cha ngozi ndi notisi imavuta. N'chifukwa chake ndi bwino kukambirana zimenezi tsopano, makampaniwa asadadzaze misewu ya m'matauni ndi m'maboma athu.

Kwa inu achinyamata amene mukuganiza zopita kapena muli kale pa ntchitoyi, safunsa adadya phula. Musadavomere mgwirizano pa foni, dziwani kampani imene mukupangana nayo ndi kumene ili ofesi yake. Funsani kuti imatenga zingati pa ulendo uliwonse, amene amalipira chipatala mukachita ngozi ndani, ndipo akaunti ikatsekedwa mumaonana ndi yani. Khalani ndi kope lanulanu. Lembani maola onse kuyambira poyatsa pulogalamu mpaka pozimitsa, chotsani mafuta, bandulo, lendi ya njinga ndi zokonzetsa, kenaka mugawe zotsalazo ndi maolawo. Chiwerengero chimenecho ndicho malipiro anu enieni, ndipo chidzakuuzani ngati bonasi ija ikuyenera tulo timene mukutaya. Jambulani ndi kusunga mauthenga onse ochokera ku kampani. Pewani kugwira ntchito pa akaunti ya munthu wina, chifukwa m'mabuku a kampani inu mulibemo, ndipo ngozi ikachitika kapena mwini akauntiyo akakana kukupatsani ndalama, mulibe pogwira. Pitani ndi pasipoti, laisensi ndi zikalata zoyenera, ndipo chipewa chodzitetezera chisachoke kumutu.

Kwa inu makolo, amayi a pakhomo ndi abale amene mumalandira thandizo, ndalama imene imafika pa foni yanu ili ndi maola ake. Mwana akatumiza zochepa mwezi uno, si nthawi zonse pamene wayamba kuwononga. Mwina maoda achepa, mwina njinga yawonongeka, mwina akaunti yaimitsidwa ndipo akuchita manyazi kunena. Tikamukakamiza ndi mndandanda wa zofuna zathu, timakhala kapitawo wachiwiri, ndipo iye amawonjezera maola a usiku. Kumbukiraninso kuti foni imene mukuimbayo ndi yomwe ikumulozera njira ali pa liwiro. Panganani nthawi yoyankhulana, ndipo poyankhulana mufunse ngati wadya, ngati wagona, ngati ali ndi anzake omuyendera akadwala, musadafunse za ndalama.

Kwa inu a kabaza, pa siteji panu muli ndi chuma chimene anzanu a pa foni m'mizinda ikuluikulu akuyesetsa kumanga kudzera m'magulu a WhatsApp. Muli ndi wapampando, muli ndi mzere wodziwika, mumasonkherana wina akadwala kapena akaferedwa, ndipo wolakwa amaweruzidwa anzake akumva. Tsiku limene kampani idzabwere ndi pulogalamu yokupezerani makasitomala, musadzalowe mmodzimmodzi n'kusiya gulu kuti life. Mutu umodzi susenza denga. Gulu lolembetsedwa, lokhala ndi mabuku ndi thumba la ngozi, limatha kukhala pansi ndi kampani n'kukambirana komishoni, pamene munthu payekha amangodina povomera.

Kwa ife a khonsolo, Local Government Act ya 1998 imatipatsa mphamvu yopanga malamulo aang'ono ndi kupereka ziphaso za malonda m'dera lathu. Ndikupempha makhansala ndi makomiti kuti akambirane mafunso oyenera kufunsa kampani iliyonse yotere ikadzagogoda. Kodi ili ndi ofesi kapena nthumwi imene woyendetsa angaionane nayo maso ndi maso? Kodi mgwirizano wake ulipo m'Chichewa ndi m'ziyankhulo zina za anthu athu? Kodi munthu amauzidwa chifukwa ndi kupatsidwa mwayi wodziteteza akaunti isadatsekedwe? Kodi kusintha kwa mitengo ndi komishoni kumalengezedwa nthawi ikadalipo? Kodi wovulala pa ntchito amathandizidwa motani? Zina mwa izi ndi za boma lalikulu ndi Nyumba ya Malamulo, koma zimene makomiti a m'midzi ndi a m'madera angatolere kwa mabanja ndi achinyamata zidzathandiza ofesi ya zantchito ya boma lino ndi aphungu athu kuyankhula ndi umboni.

Amayi ndi abambo, chitukuko timachiyeza ndi nyumba za malata zimene zikumangidwa m'midzi mwathu, ndipo n'zoona kuti zina mwa nyumbazo zamangidwa ndi ndalama za ganyu wa pa foni. Tichiyezenso ndi umoyo wa amene akutumiza ndalamazo, kuti adzabwere ali ndi miyendo yonse ndi mtima wokhazikika, adzagone m'nyumba zimene adamanga. Ndikupempha wapampando wa komiti iliyonse kuti nkhaniyi ikakhale pa mndandanda wa msonkhano wotsatira, ndipo achinyamata amene adagwirapo ntchitoyi akapatsidwe mpata woyankhula poyamba, chifukwa iwo ndi amene akumudziwa kapitawo ameneyu.